Ngongole zoopsa zimatengedwa m'chaka cha zokolola zambiri

Mvula ikamayandikira, nkhani ya ngongole imabwerera pakamwa pa aliyense. Pa wailesi, pamisonkhano ya ndale, ngakhale m'minibasi yochoka pa Dedza boma kulowera kwa Lizulu, pempho ndi limodzimodzi: mabanki atambasule manja, boma lithire ndalama zambiri m'mathumba ake obwereketsa anthu monga NEEF, chiwongoladzanja chiikidwe malire ndi lamulo, ndipo amene anakanika kubweza zakale akhululukidwe. Nkhani ya malire a chiwongoladzanja inafika mpaka m'Nyumba ya Malamulo mu 2018, ndipo ngakhale sinasanduke lamulo, sinafe. Ine ndikutsutsana ndi pempho limeneli. Mfundo yanga ndi yakuti ngongole ikamakula mofulumira kuposa ndalama zimene anthu amapezadi pogulitsa mbewu ndi katundu wawo, imakweza malonda kwa kanthawi, kenako n'kuwagwetsa pansi kuposa pamene akanagwera popanda iyo. Chachiwiri, ngongole zimene zimadzaphulika zimasainidwa nthawi imene zinthu zikukoma, pamene wobwereka ndi wobwereketsa onse alibe mantha. Choncho nzeru ndi kumangitsa chingwe m'chaka chabwino ndi kuchimasula m'chaka choipa, zomwe zikusemphana ndi zimene timachita kuno, kuyambira ku banki m'khonde mpaka ku Capital Hill.

Kuti timvetse mmene zimayendera, tiyambe ndi kachewere wa ku Tsangano ndi ku Bembeke. Tinene kuti chaka china mtengo wakhala bwino. Malole ochokera ku Lilongwe ndi ku Blantyre akufika mbandakucha, mavenda akulimbirana matumba asanatsitsidwe n'komwe pangolo, ndipo mlimi amene anatenga feteleza pangongole wabweza yonse pa nthawi yake n'kutsala ndi ya malata. Chaka chotsatira aliyense waona. Amene analima ekala imodzi akufuna zitatu. Mabungwe obwereketsa ndalama aona kuti dera limeneli limabweza bwino, ndiye alangizi awo akuzungulira panjinga zamoto kulemba magulu atsopano. Ku banki m'khonde masheya achuluka, ndalama sizikufunika kugona m'bokosi. Tsopano taonani zimene ngongoleyo ikuchita isanabale ngakhale thumba limodzi. Lendi ya munda yakwera chifukwa ofuna minda achuluka. Mbewu yakwera. Aganyu akweza mtengo wa mzere. Wa hadiweya wagulitsa malata ndi simenti zambiri, naye wapita kukatenga ngongole yoonjezera sitoko. Mnyamata wagula njinga yamoto ya kabaza pangongole chifukwa okwera achuluka. Ndalama imene wina wabwereka yasanduka malonda a mnzake, ndipo malonda amenewo asanduka umboni woti mnzakeyo ndi woyenera kubwerekanso. Aliyense payekha waganiza bwino, palibe chitsiru pamenepa. Vuto ndi lakuti onse aganiza chimodzi nthawi imodzi.

Pakatha miyezi itatu kapena inayi, onse akukumba sabata zomwezo. Kachewere si chimanga choti n'kusunga m'nkhokwe mpaka Januwale. Akakhala amaphuka, amafota, amawola. Mavenda akudziwa zimenezi, akudziwanso kuti mlimi aliyense ali ndi tsiku lobweza limene likumuthamangitsa. Mtengo ukutsika. Mlimi wopanda ngongole akhoza kusiya kachewere wake m'nthaka kwa sabata ziwiri, kapena kugulitsa pang'onopang'ono. Wangongole alibe ufulu umenewo, agulitsa lero pamtengo uliwonse, ndipo kugulitsa kwakeko kukutsitsanso mtengo wa mnzake. Zimene zinakwera zija zayamba kubwerera m'mbuyo motsatana: wa hadiweya watsala ndi simenti imene ikuuma m'matumba, wa kabaza akusowa okwera pamene ndalama ya sabata ikumudikira, obwereketsa aleka kupereka zatsopano ndipo akungotolera zakale. Ndalama zikusowa m'dera lonse nthawi imene zikufunika kwambiri. Kukwera ndi kutsika kwa mitengo kunalipo ngongole isanabwere. Chimene ngongole yaonjezera ndi kutalika kwa phiri ndi kuya kwa chigwa.

Masamu ake ndi osavuta, ndipo aliyense wofuna kusaina ayenera kuwachita. Venda ali ndi mpamba wake wa K1,000,000. Akagula soya wa ndalama imeneyo, mtengo n'kutsika ndi K20 pa K100 iliyonse, wataya K200,000, zimamuwawa koma bizinesi ilipo. Venda yemweyo akabwereka K4,000,000 n'kugula soya wa K5,000,000, mtengo ukakwera ndi K20 pa K100 wapindula K1,000,000, mpamba wake wawirikiza kawiri, ndipo anzake onse amutcha wanzeru. Koma mtengo ukatsika ndi K20 pa K100 yomwe ija, soya wake watsala wa K4,000,000, ndendende ngongole, mpamba wonse wapita, tisanawerengere chiwongoladzanja, thiransipoti ndi zimene zachepa pasikelo soya atauma. Ngongole imachulukitsa phindu ndi kuluza mofanana, koma anthu amaona chitsanzo cha phindu chokha, chifukwa nthawi imene akuganiza zobwereka ndi nthawi imene mitengo yakhala ikukwera.

Katswiri wina wa zachuma wa ku America, Hyman Minsky, anagawa obwereka m'magulu atatu, ndipo magulu ake mungawapeze pansi pa mtengo uliwonse pamene amayi akumana ndi bokosi la maloko atatu. Woyamba ndi amene bizinesi yake imabweza chiwongoladzanja ndi ngongole yomwe: mayi wa mandasi amene watenga ya ufa ndi mafuta, n'kubweza kuchokera pa zimene wagulitsa. Wachiwiri amakwanitsa chiwongoladzanja chokha, ngongole yeniyeniyo amangoisuntha mwezi ndi mwezi. Wachitatu sakwanitsa ngakhale chiwongoladzanja, amabwereka ku gulu la Lachiwiri kuti akabweze ku gulu la Lachisanu, akudalira kuti china chake chikwera mtengo kapena wachibale wa ku Joni atumiza. Mfundo ya Minsky inali yakuti zaka za mtendere zimasamutsa anthu pang'onopang'ono kuchoka m'gulu loyamba kupita lachiwiri, kenako lachitatu, popanda wozindikira, chifukwa m'mabuku onse akuoneka kuti akubweza. Ndiye tsiku logawana mu Disembala likafika, mlembi akuwerenga mamiliyoni m'kope, osunga makiyi atsegula bokosi, ndalama zili mmenemo sizikufika ngakhale theka. Zotsalazo zili m'manja mwa anthu atatu kapena anayi amene mafoni awo azimitsidwa. Ndiponso pali chizolowezi china chimene chimafulumizitsa zimenezi: magulu ena amakakamiza membala aliyense kutenga ngongole kuti chiwongoladzanja chichuluke. Munthu wopanda bizinesi akapatsidwa ndalama ya K20 pa K100 pamwezi, mwamulowetsa nokha m'gulu lachitatu.

Maiko olemera anadutsa m'njira yomweyi, kungoti ziwerengero zake n'zazikulu. Msika wa masheya wa ku New York usanagwe mu Okutobala 1929, anthu ambiri ankagula masheya ndi ndalama zobwereka, iwo n'kuikapo kachigawo kochepa. Ku Thailand mu 1997 makampani anali atabwereka madola ambiri pomanga nyumba ndi maofesi, ndipo ndalama yawo ya baht itagwa mu Julayi chaka chimenecho, ngongole zinakula usiku umodzi n'kukokera pansi maiko oyandikana nawo. Ku America mitengo ya nyumba inakwera mpaka cha mu 2006 chifukwa mabanki ankabwereketsa ngakhale kwa anthu opanda malipiro odalirika, poganiza kuti wobwereka akalephera, nyumbayo idzagulitsidwa pamtengo wokwera. Mitengo italeka kukwera, zonse zinaphwasuka, banki ya Lehman Brothers inagwa pa 15 Seputembala 2008, ndipo anthu mamiliyoni anataya ntchito ndi nyumba. Ngakhale ngongole zing'onozing'ono za anthu osauka zili ndi mbiri yake: m'chigawo cha Andhra Pradesh ku India mu 2010, mabungwe ambiri anali atabwereketsa kwa mabanja omwewo, ndipo kubweza kutaima, ntchito yonse yobwereketsa m'chigawocho inatsala pang'ono kufa.

Tsopano timve a mbali ina, chifukwa mfundo zawo si zachabe. Yoyamba, ndiponso yamphamvu kuposa zonse, ndi yakuti Malawi sadwala matenda a ngongole zochuluka. Iwo amati kunena za New York kwa mlimi wa kwa Kasumbu ndi kuopseza wanjala ndi nkhani ya kukhuta. Mabanki athu amabwereketsa zochepa kwambiri kwa anthu ndi makampani poyerekeza ndi kukula kwa chuma cha dziko, ndipo mlimi wamba sanalowepo n'komwe mu ofesi ya ngongole ya banki. Zimenezi ndi zoona, ndipo sindikufuna kuzipeputsa. Koma pali zinthu ziwiri zimene mfundoyi ikudumpha. Choyamba, ziwerengero za mabanki siziona katapila, banki m'khonde, feteleza wotenga kwa venda kuti udzabweze ndi matumba a chimanga, kapena mbewu yogulitsidwa ikadali m'munda. Banja limene banki silidziwa likhoza kukhala ndi ngongole zinayi. Chachiwiri, ngozi siichokera pa kuchuluka kwa ngongole m'dziko lonse kokha. Imachokeranso pa kuunjikana kwake pa mbewu imodzi, dera limodzi ndi mwezi umodzi. Alimi ndi mavenda a nandolo amakumbukira. Mitengo itakoma kwa zaka zingapo, anthu anawonjezera minda, ena anagula n'kusunga ndi ndalama zobwereka, kenako mu Ogasiti 2017 dziko la India linaika malire a nandolo wolowa m'dzikomo, ndipo mtengo kuno unagwa koti ena anangomusiya m'munda. Ngongole za nandolo zinali zochepa pa chuma cha dziko, koma kwa mabanja a kumunsi kwa Ntcheu ndi maboma a kummwera amene anazitenga, linali tsoka lathunthu.

Komanso, ngati tikufuna wobwereka mopyola muyeso m'dziko muno, alipo, ndipo ndi boma. Ngongole zathu zambiri zakunja zinakhululukidwa mu 2006. Pasanathe zaka 20 tinabwereranso pamalo poti sitingathe kubweza bwinobwino, ndipo ulendo uno mbali yaikulu ndi ngongole ya m'dziko momwemuno, yotengedwa kumabanki ndi ku mathumba a penshoni. M'ndondomeko ya zachuma ya 2024/25, ndalama zolipira chiwongoladzanja chokha zinaposa zimene zinapita ku zaumoyo. Ikani pambali ulemu wa maofesi, muona kuti boma limene likubwereka kuti lilipire chiwongoladzanja cha ngongole zakale lili m'gulu lachitatu la Minsky lija. Ndipo apa ndi pamene kuchepa kwa ngongole za anthu wamba kumachokera. Mu 2024 Reserve Bank inakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti, ndipo boma linkalipira pafupifupi chomwecho pa ngongole za chaka chimodzi. Bwana wa banki amene angapeze phindu lotero kwa boma, popanda kutuma munthu kukayendera munda ku Lobi, adzavutikiranji ndi mlimi? Kuuza mabanki kuti atambasule manja pamene boma likutenga gawo la mkango ndi kupempha madzi pachitsime chimene wina waikapo pampu.

Mfundo yachiwiri ya otsutsa ndi yakuti mavuto athu amachokera kumwamba ndi kunja. Amatchula namondwe wa Freddy wa mu Marichi 2023, chilala cha 2024, kukwera kwa feteleza nkhondo ya ku Ukraine itayamba mu 2022, ndi kugwa kwa kwacha. Amafunsa kuti ngongole yalakwa chiyani pamene mvula ndiyo yakana. Yankho langa ndi lakuti moto wa tchire umafuna zinthu ziwiri, machesi ndi udzu wouma. Chilala ndi machesi. Kuchuluka kwa zimene zipse kumadalira ngongole imene inaunjikidwa chilala chisanafike. Mlimi wopanda ngongole akakolola theka, adya mopereweza, apita kuganyu, chaka chamawa abzalanso. Mnzake wangongole akakolola theka lomwelo, agulitsa mbuzi, njinga, mwina abwereketsa munda wake kwa zaka ziwiri, ndipo chaka chamawa alibe pobzala ngakhale mvula itagwa bwino. Chilala cha chaka chimodzi chasanduka umphawi wa zaka zisanu. Chimodzimodzi ndi kwacha. Mu Novembala 2023 dola inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Wamalonda amene anali atatenga katundu wa madola 10,000 pangongole anagona ali ndi ngongole ya K11.8 miliyoni n'kudzuka ndi ya K17 miliyoni, katunduyo atagulitsa kale pamtengo wakale. Mnzake amene analipiriratu anangokweza mitengo pashelefu. Kugwa kwa kwacha kunali kumodzi, koma amene anatseka shopu ndi wangongole.

Mbiri yathu yomwe ili ndi phunziro pamenepa. M'zaka za m'ma 1980 alimi ankatenga feteleza ndi mbewu kudzera m'makalabu, amene chakumapeto kwa zakazo anali pansi pa SACA, bungwe la boma lobwereketsa alimi ang'onoang'ono, ndipo kubweza kunali kwapamwamba, kopitirira 90 pa 100 iliyonse, mwa zina chifukwa kalabu yonse inkalandidwa mwayi mmodzi akalephera, ndiponso chifukwa anthu ankaopa boma la nthawiyo. Ngongole zinakula, makalabu anachuluka. Kenako kunabwera chilala cha 1992, n'kutsatana ndi riferendamu ya 1993 ndi chisankho cha 1994, pamene mawu anafala akuti ngongole za boma si zobweza. Kubweza kunagwa kufika pansi pa theka, SACA inatha, ndipo m'malo mwake munabwera kampani yobwereketsa anthu akumidzi ya MRFC mu 1994. Alimi ambiri, kuphatikizapo amene ankabweza mokhulupirika, anatsala opanda kobwereka feteleza kwa zaka zambiri. Chilala chinayatsa, ndale zinakupiza, koma chimene chinapsa ndi mulu wa ngongole zimene zambiri zinkadalira chimanga cha mvula imodzi.

Mfundo yachitatu ndi ija ya malire a chiwongoladzanja. Otsutsa amati ngongole payokha ilibe vuto, chimene chikupha anthu ndi mtengo wake, ndipo lamulo litati liletse kupyola mlingo wina, anthu angabweze mosavuta. Ndikumvetsa ukali umene uli kumbuyo kwa mawu amenewa, makamaka chaka chilichonse mabanki akamalengeza phindu la mabiliyoni pamene makasitomala awo akulandidwa nyumba. Koma njirayi inayesedwa pafupi pompano. Dziko la Kenya linaika lamulo mu 2016 loti banki isapyole ndi 4 peresenti pamwamba pa chiwongoladzanja cha banki yaikulu. Mabanki anachepetsa kubwereketsa kwa amalonda ang'onoang'ono n'kuthamangira kubwereketsa boma, ndipo lamulolo linachotsedwa mu Novembala 2019. Chifukwa chake n'chodziwikiratu. Ngati mitengo ya zinthu ikukwera ndi pafupifupi 30 peresenti pachaka, monga zinalili kuno mu 2024, wobwereketsa pa 15 peresenti akulandira ndalama yogula zochepa kuposa imene anapereka. Ngongole yotero imasanduka mphatso, ndipo mphatso sifika kwa mayi wogulitsa tomato pa Kampepuza. Imathera kwa odziwana ndi akuluakulu. Mayi uja akabwezedwa pakhomo la banki amapita kwa wakatapila, kumene K50,000 imabala K25,000 kapena kuposa pamwezi, ndipo khadi la ATM kapena chiphaso chimatsala m'thumba la mwini ndalama.

Pali china chimene lamulo lingachite pa mtengo wa ngongole, ndipo chimenechi ndikuchichirikiza ndi mtima wonse: kukakamiza obwereketsa onse kunena mtengo weniweni. Taonani chitsanzo. Mwatenga K600,000 yobweza m'miyezi 6, akuuzani kuti chiwongoladzanja ndi 5 peresenti pamwezi. Akawerengera pa ndalama yonse mwezi uliwonse, mulipira K30,000 kasanu n'kamodzi, yonse K180,000. Koma inu mukubweza K100,000 mwezi ndi mwezi, ndiye ndalama imene ili m'manja mwanu ikutsika: 600, 500, 400, 300, 200, 100. Mukawerengera pa zimene mwatsala nazodi, mukulipira pafupifupi 8.6 peresenti pamwezi. Onjezani ndalama ya fomu, ya inshulansi, ndi ina imene amati muisiye ngati chikole musanalandire, mupeza kuti ngongole ya "5 peresenti" yayandikira kawiri. Wobwereka atauzidwa nambala imodzi yokha, yakuti mutenga zakuti ndipo mubweza zakuti zonse pamodzi, ambiri akanabwerera pakhomo asanasaine, ndipo obwereketsa akanayamba kupikisana pa mtengo woona.

Mfundo yachinayi imachokera kwa obwereketsa eni ake. Iwo amati palibe choopsa chifukwa ngongole iliyonse ili ndi chikole, ndipo wolephera ndi vuto lake. Pa munthu mmodzi zimenezi zimagwira ntchito. Pa dera lonse zimalephera, chifukwa mtengo wa chikole umayenda limodzi ndi ngongole. Njinga yamoto, puloti ya pa Ntcheu boma, ng'ombe za pangolo, zonsezi zinakwera mtengo nthawi imene ndalama zobwereka zinali mbwee. Tsiku limene obwereketsa onse alanda n'kuyamba kugulitsa, ogula alibe ndalama, ndipo njinga imene inawerengedwa pa mtengo wa chaka chatha ikupita pa theka. Katswiri winanso wa zachuma, Irving Fisher, analongosola zimenezi mu 1933 ataona mavuto a ku America: anthu akamalimbana kugulitsa katundu kuti abweze, mitengo imatsika, ndipo ngongole yotsala imalemera kuposa poyamba. Ngakhale njira ya magulu, yoti anzako akulipirire ukalephera, ili ndi malire omwewo. Imathandiza pamene mmodzi wadwala kapena waferedwa. Chiwawu chikagwira kachewere wa mudzi wonse chifukwa cha mvula yosalekeza, anthu khumi olephera sangalipirirane. Ndipo zikafika pa banki yaikulu, wolipira amakhala wina amene sanadye nawo. Malawi Savings Bank isanagulitsidwe kwa FDH mu 2015, boma linasenza ngongole zosabwezedwa za pafupifupi K6 biliyoni. Amene anazitenga anali ochepa. Amene anazilipira ndi aliyense wogula sopo ndi shuga wokhala ndi msonkho.

Za kukhululuka ngongole sindichedwapo, chifukwa SACA yayankha kale, ndipo mathumba a boma amene anatsatira, kuyambira MARDEF ya 2005 kudzafika MEDF ndi NEEF, akhala akulimbana ndi maganizo omwewo akuti ndalama ya boma ndi yothokozera mavoti. Kusiyana kuli pakati pa kukhululuka ndi kutalikitsa. Boma likalengeza kuti dera lagwa m'ngozi ya chilala kapena madzi osefukira, n'zanzeru kuti obwereketsa asunthe tsiku lobweza kufika pa zokolola zotsatira, asaonjezere chindapusa, ndipo apitirize kupereka ya mbewu kwa amene mbiri yawo ndi yabwino. Kumeneko ndiko kumasula chingwe m'chaka choipa. Koma wobwereketsa angathe kutero pokhapokha ngati anasunga mafuta m'chaka chabwino. Maiko ataphunzira pa 2008 anagwirizana, m'malamulo otchedwa Basel III, kuti ngongole zikamakula mothamanga mabanki azikakamizidwa kusunga mpamba woonjezera, mpaka 2.5 peresenti, woti adzaugwiritse ntchito zinthu zikavuta. Nzeru yomweyi ikukwana m'bokosi la banki m'khonde: chaka chimene phindu lachuluka, gulu lisagawane zonse, lisiye gawo m'thumba la padzidzidzi.

Kwa wobwereka ndi gulu lake, pali zinthu zimene sizidikira Nyumba ya Malamulo. Powerengera ngati ngongole ibwezeka, gwiritsani ntchito mtengo wotsikitsitsa umene munauona m'zaka zitatu zapitazi, ndi zokolola za chaka chapakatikati. Ngati masamu akukwana pokhapokha mtengo wa chaka chatha utabwereranso, ngongoleyo ndi juga. Tsiku lobweza ligwirizane ndi tsiku limene ndalama imalowa. Ngongole yobweza sabata iliyonse ndi ya wogulitsa mandasi kapena kaunjika, amene ndalama yake imazungulira tsiku ndi tsiku. Mlimi wa kachewere akaitenga, sabata yachiwiri yomwe ayamba kubwereka kwina, chifukwa mbewu ikadali m'nthaka. Lamulo lakale la banki m'khonde loti munthu asabwereke kupyola katatu pa masheya ake linaikidwa ndi cholinga, ndipo magulu amene amalilumpha chifukwa wopemphayo ndi mkazi wa amfumu kapena mphunzitsi ndi omwe amalira mu Disembala. Membala aliyense anene poyera magulu ena amene alimo. Mabungwe obwereketsa nawo ali ndi kofunsa, popeza lamulo la mabungwe osunga mbiri ya obwereka lilipo kuyambira 2010, koma limathandiza pokhapokha onse akamapereka maina ndi kufufuza asanapereke ndalama.

Ndipo ngati boma likufunadi kuti ngongole ifike kwa mlimi, pali mtundu umodzi umene umachepetsa chigwa m'malo mochikumba. Mlimi wa soya, nyemba kapena chimanga akasunga mbewu yake m'nyumba yosungiramo yovomerezeka, amalandira lisiti imene angabwerekere gawo la mtengo wa mbewuyo, n'kudikira kuti msika ukhazikike. Njira imeneyi bungwe loyendetsa msika wa mbewu la ACE lakhala likuiyendetsa kwa zaka zingapo, ndipo ngongole yake imatsamira pa matumba amene alipo kale, owerengeka, oyezedwa chinyezi. Nayo ili ndi ngozi yake, chifukwa mtengo ukapanda kukwera mokwanira kulipira lendi ya nyumbayo ndi chiwongoladzanja, mlimi amaluza, n'chifukwa chake sayenera kubwerekera mtengo wonse wa mbewuyo. Koma imachotsa mpeni pakhosi pa mlimi mu Meyi ndi Juni, miyezi imene aliyense amagulitsa mothamangitsidwa. Ndalama zimene andale akufuna kugawa m'mabwalo a misonkhano zikanamanga nyumba zotere pa Chimbiya, pa Lizulu ndi pa Nsipe, pamodzi ndi mosungira mbewu ya kachewere m'mapiri a Tsangano, ndipo Unduna wa Zachuma ukanachepetsa zimene umatenga kumabanki mwezi ndi mwezi, chiwongoladzanja chikanayamba kutsika chokha, ndipo bwana wa banki akanayamba kufunsa njira yopita ku Lobi.